Njala ya Apongozi pa Msewu wa ku Migodi

Funso limene ndikufuna kuyankha m'nkhani ino ndi ili: zinatheka bwanji kuti munthu wamkulu amene ndinkamugulira chakudya pa nthawi yake, katatu pa tsiku, akomoke ndi njala m'mbali mwa msewu pakati pa nkhalango, ine mkamwini wake ndili makilomita 11 kutsogolo? Mkazi wanga Tiyamike anandifunsa funsoli kamodzi kokha, ndipo sanalibwerezenso. Ine ndiye ndadzifunsa kambirimbiri. Ndaona kuti ndi bwino kulemba ulendo wonse mwa ndondomeko yake, chifukwa cholakwacho sichinachitikire pamalo amodzi. Chinkakula pang'onopang'ono, tauni ndi tauni, ine ndikuchionerera.

Timakhala ku Oshawa, mzinda wa m'chigawo cha Ontario, kuno kutsidya kwa nyanja. Ndili ndi dipuloma ya zamagetsi, ndipo ndisanakwatire ndinagwira ntchito zaka ziwiri pa mgodi wina wa golide kufupi ndi Timmins, kumpoto kwa Ontario. Apongozi anga, bambo Nkhoma a ku Dedza, anabwera chilimwe chatha kudzaona mdzukulu wawo woyamba. Anali ndi zaka 68. Ali mnyamata anagwirapo ntchito m'migodi ya ku Joni, ndipo atabwerera kwathu anakhala mlangizi wa zaulimi, akuyenda pa njinga yamoto m'mapiri a Dedza kwa zaka pafupifupi makumi atatu. M'nyumba mwathu tinkakhala monga mmene mkamwini ndi apongozi amakhalira. Iwo ankadyera pabalaza, ine kukhitchini. Tikamalankhulana maso anga ankakhala pansi. Nkhani zikuluzikulu zinkadzera kwa Tiyamike, amene ankatiseka tonse awiri koma ankazinyamulabe.

Ganizo la ulendowu nalonso linandipeza kudzera kwa iyeyo. Bambo ake anaona pakhoma chithunzi changa cha ku mgodi, n'kumufunsa ngati golide wa kuno amakumbidwa mofanana ndi wa ku Joni, ndipo anati akanakonda kuona ndi maso. Ndinavomera. Njinga yamoto ndinali nayo imodzi, koma zoti apongozi akhale kumbuyo kwanga atandigwira m'chiuno masiku anayi, palibe mwa ife amene akanazitchula n'komwe. Ziphaso zawo zoyendetsera zinali bwinobwino. Choncho ndinapita ku Mississauga kwa Che Yusufu, mnzanga wa ku Mangochi wogulitsa zipangizo za galimoto, kukabwereka njinga yake.

"Achimwene, njinga ziwiri zachiyani? Yanuyo sinyamula awiri?" anandifunsa.

"Ndi apongozi," ndinayankha.

Anaseka mpaka kugwira chitseko. "Inu anthu a ku Dedza! Mwawoloka nyanja zonsezi, manyazi mutawalongedza m'sutikesi momwemo. Nawa makiyi. Koma mubweze zonse ziwiri zili zamoyo, njinga ndi mdalayo."

Tiyamike anandipatsa malangizo atatu, pakuti bambo ake ali ndi matenda a shuga. Azimwa mapilisi awo m'mawa ndi madzulo. Azidya pa nthawi yake, chifukwa mapilisiwo amatsitsa shuga m'thupi, ndipo munthu akawamwa osadya akhoza kukomoka. Tiyi akhale wopanda shuga. Anandipatsanso kapaketi ka maswiti koti ndiwapatse akayamba kunjenjemera. Malangizowo ndinawalemba m'kabuku, ndipo maswitiwo ndinawaika m'chikwama cha pa thanki ya njinga yanga, popeza ndinkadziona kuti ndine woyang'anira. Ichi chinali cholakwa choyamba, ndipo tinali tisanatuluke pageti.

Lamulo la pamsewu tinagwirizana limodzi lokha. Ine ndizitsogola chifukwa njira ndimaidziwa, ndipo ndiziyang'ana pagalasi kawirikawiri. Nyali yawo ikasowa, ndiime.

Tinanyamuka Lachinayi cha m'ma 7 m'mawa, kumapeto kwa Ogasiti. Tinadutsa Orillia, n'kulowa msewu waukulu wopita kumpoto. Titapitirira Huntsville tinapeza akukonza msewu, ndipo tinadikira mphindi 40 kumbuyo kwa lole yonyamula matabwa. Apongozi anavula helemeti, n'kuyamba kucheza ndi mtsikana wogwira chikwangwani choimitsa magalimoto. Anamufunsa m'Chingerezi ngati dzanja silitopa, ndipo anamuuza kuti kwathu ntchito imeneyi amangoisiyira nthambi ya mtengo yoikidwa pamsewu. Mtsikanayo anaseka mpaka chikwangwani chinapendekeka. Kenako apongozi anatembenukira kwa ine.

"Akamwini, msewu wosalala chonchi munthu akhoza kugona pachiongolero. Kwathu maenje ndiwo amakudzutsa."

"Zoona, bambo," ndinayankha ndikuyang'ana tayala lawo.

Tsiku limenelo anali osangalala kuposa mmene ndinawaonerapo. Ankakhota bwino kuposa ine, thupi ndi njinga zikupendekera pamodzi. Masana ndinawagulira chakudya n'kupita kukaima chapatali, ndipo ndinawaona chakumbuyo akutafuna apozi. Ndatchula apoziyo chifukwa ndi chinthu chomaliza chimene ndinawaona akudya pa ulendo wonsewo.

Tinafika ku North Bay cha m'ma 3 masana. Pamotelo, wolandira alendo anati pali chipinda chimodzi cha mabedi awiri chimene chingatiyenere. Ndinakana n'kupempha zipinda ziwiri zoyandikana. Anandiyang'ana modabwa.

Ndondomeko yanga inali yoti tinyamuke 8 koloko. Koma nditadzuka m'mamawa n'kuyang'ana zanyengo pafoni, ndinaona kuti mvula ikubwera kuchokera kumadzulo. Ndinawerengera kuti tikanyamuka 6 koloko tiithawa. Ndinagogoda pachitseko chawo.

"Bambo, pepani kukudzutsani. Mvula ikubwera. Tikananyamuka m'mphindi khumi ndi zisanu zikubwerazi, bwenzi titaithawa."

"Chabwino, ndikubwera."

Mphindi khumi zisanakwane anatuluka atavala zonse, helemeti ili kumutu. Mumtima ndinawayamikira kuti ndi munthu wamwambo, wozolowera belu la ku mgodi. Sindinalowe m'chipinda mwawo kukaona ngati aiwala kanthu. Mkamwini salowa mmene mwagona apongozi.

Mvulayo sitinaithawe. Inatipeza tisanafike ku Temagami, ndipo tinabisala pa malo omwetsera mafuta kwa ola ndi theka. Panali anthu ena odikira: anyamata awiri a pa mgodi obwerera kuntchito, ndi agogo ena awiri okoka kanyumba ka matayala amene ankakangana kuti ndani waiwala kutseka zenera. Ndinagula buledi wootcha wokhala ndi dzira ndi nyama pakati, ndi tiyi wopanda shuga. Ndinapereka ndi manja awiri patebulo la pakona pamene apongozi anakhala, kenako ndinatuluka kukakunga tcheni cha njinga, chimene sichinkafunika kukunga. Nditabwerera patapita mphindi makumi awiri, patebulo panali poyera ndipo kapu inali yopanda kanthu. Ndinachonga m'kabuku kuti chakudya cha m'mawa chadyedwa.

Tili pomwepo foni yanga inalira. Nambala inali yachilendo. Kuno nambala zachilendo zambiri zimakhala za akuba ofuna kukunamiza, ndipo magolovesi anga anali onyowa. Ndinaileka ilire.

Mvula itakata tinapitirira mpaka ku Cobalt, katauni kakale ka migodi ya siliva, komwe nsanja zotsitsira anthu pansi zidakaimabe zitachita dzimbiri pakati pa nyumba za anthu. Malo amenewa ndinawasankha dala. Ndinkayembekezera kuti apongozi amasuka n'kusimba za ku Joni, monga ankachitira kunyumba posimbira mwana wawo, ine ndikumvetsera ndili kukhitchini. M'malo mwake anavula helemeti atandifulatira, n'kukokera sikafu pamwamba mpaka kuphimba pakamwa. Anaima pansi pa nsanja imodzi kwa nthawi yaitali.

"Zikufanana ndi za kumene munali, bambo?" ndinafunsa.

"Zofanana," anayankha, mawu akumveka molobodoka m'kati mwa sikafu.

Sananenenso china. Ine, munthu wokonda kufufuza chifukwa cha chinthu chilichonse, ndinapeza chifukwa nthawi yomweyo. Ndinaganiza kuti nsanjazo zawakumbutsa anzawo amene anatsikira pansi osabwereranso, ndipo kuti ulemu woyenera ndi kuwasiya ndi maganizo awo. Kulobodoka kwa mawu ndinati ndi kuzizira. Ndinakhutira ndi mayankho angawo, ndipo ndinadziona ngati mkamwini wozindikira zinthu.

Ku New Liskeard ndinawagulira nkhuku yokazinga ndi tchipisi, n'kupita kukamwetsa njinga zonse ziwiri. Ndinachonganso m'kabuku. Tinafika ku Kirkland Lake dzuwa lidakalipo, titadikira sitima ya katundu yaitali kwambiri kuti idutse panjanji. M'lesitilanti ya pafupi ndi motelo, mayi woperekera chakudya anatiloza tebulo la anthu awiri. Ndinamupempha kuti atikulungire, tikadyere m'zipinda.

"Bwanji osakhala pansi ndi bambo anu?" anandifunsa m'Chingerezi. "Akuoneka otopa. Lero tili ndi supu wa nsawawa, wotentha bwino."

Ndinamuthokoza n'kumuuza kuti bambo amakonda nyama ya ng'ombe yootcha, pakuti ndi zimene ndinamva kwa Tiyamike. Apongozi anali ataima pakhomo, sikafu ili pakamwa. Anamva zonse. Sanatsutse.

Madzulo amenewo Tiyamike anaimba.

"Adya?"

"Adya zonse, katatu."

"Apatseni foni ndiwamve."

Ndinagogoda pachitseko. Anayankha ali m'kati kuti atopa, ndimuuze mwana wawo kuti ali bwino, alankhulana mawa. Ndinapereka uthengawo monga unalili. Tiyamike anangoti, "Bambo kukana foni? Ndiye mwawatopetsadi," n'kuseka. Nanenso ndinaseka.

Loweruka kunacha kozizira. Ndinawaona akumeza pilisi lawo ndi tiyi pakhonde la motelo, atafulatira, ndipo ndinachonga. Chakudya cha m'mawa ndinasiya pampando pafupi nawo n'kupita kukamanga katundu. Tinafika ku Timmins cha m'ma 10, ndipo ndinawatengera pamalo okwera pomwe munthu amaonera dzenje lalikulu la mgodi. Malole pansipo ankaoneka ngati nyerere. Apa ndi pomwe ulendo wonse unkalinga. Anagwira mpanda wa waya ndi manja onse awiri, akuyang'ana pansi osaphethira.

Panafika mkulu wina wachizungu woyendetsa galu, amene anati anagwira ntchito pansi pa nthaka moyo wake wonse. Ndinamuuza kuti bambowa nawonso anali a mu mgodi, ku South Africa. Mkuluyo anavula chipewa n'kuwapatsa moni wa dzanja, ndipo sanawataye msanga.

"Mnzanga, dzanja lanuli likunjenjemera," anatero. "Mwazizidwa?"

Apongozi anagwedeza mutu kuvomera. Ine ndinamva mawuwo bwinobwino. Mawu akuti kunjenjemera anali m'kabuku kanga, olembedwa ndi dzanja langa, ndipo maswiti anali pa njinga yanga mapazi makumi awiri kuchokera pomwe tinaima. Koma ndinakumbukira kuti njinga ya Che Yusufu imagwedeza manja kwambiri, ndipo ndinati chifukwa chake n'chimenecho. Kuwonjezera apo, kufunsa apongozi pamaso pa mlendo ngati shuga wawatsika kunandionekera ngati kuwavula.

Masana ndinagula buledi wolimba wokhala ndi nyama ya ng'ombe, n'kupita kukaona mpweya wa matayala. Ndinachonga kachisanu kuchokera pamene tinachoka ku North Bay.

Msewu wochoka ku Timmins kupita ku Sudbury ndi wa makilomita pafupifupi 300, ndipo mbali yaikulu ndi nkhalango ya paini, madambo ndi matanthwe. Foni sigwira m'malo ambiri. Zimene umakumana nazo ndi malole a zipika ndi mapikapu a ku migodi okhala ndi timbendera kumbuyo. Chapakati pali mphambano yomwetserapo mafuta, ndipo tinaima pamenepo. Apongozi sanatsike pa njinga ndipo sanavule helemeti. Ndinawathirira petulo ali chikhalire.

"Muli bwino, bambo?" ndinafunsa, maso ali pa thanki.

"Tiyeni," anayankha.

Ndikanakweza maso ndikanaona thukuta kuseri kwa galasi la helemeti, pa tsiku lozizira chotero. Anandiuza pambuyo pake kuti nthawi imeneyo ankaona mapampu a petulo anayi pomwe panali awiri.

Titachoka pamphambanopo mutu wanga unali pa mawerengero. Ndinkafuna tifike ku Sudbury isanakwane 5 koloko, ndipo tinali titachedwa ndi mphindi 25. Ndinawonjezera liwiro pang'ono. Msewu unayamba kukhotakhota pakati pa matanthwe odulidwa, ndipo nyali yawo inkasowa pagalasi n'kutulukiranso. Kenako inasowa osatulukira. Pa kona yoyamba ndinati ali kuseri kwa thanthwe. Pa yachiwiri ndinati lole yawatchinga. Lamulo linali loti ndiime, koma dzulo lake nditaima kuwadikira ndinaona ngati ndawauza kuti akuchedwa, ndipo sindinafune kubwereza. Ndinangochepetsa liwiro n'kumapitabe. Pamene ndinafika pa msewu woongoka, n'kuona kuti kumbuyo kulibe kanthu kufikira pomwe maso amalekeza, m'pamene ndinatembenuka. Mita ya njinga inasonyeza pambuyo pake kuti ndinabwerera makilomita 11.

Choyamba kuona chinali pikapu ya ku mgodi itaima nyali zikuphethira. Njinga ya Che Yusufu inali itagona pamiyala ya m'mbali mwa msewu. Apongozi anali atatsamira tayala la pikapu, helemeti ili pambali, ndipo mayi wina wovala jekete yowala anali atagwada patsogolo pawo. Anali wopereka chithandizo choyamba pa mgodi wina wa m'deralo, ndipo ankapita kwawo atatsiriza sabata yake ya ntchito. Anaona njinga ikuyenda mokhotakhota, ikuchepetsa liwiro, mpaka kugwa.

"Muli nawo limodzi?" anandifunsa m'Chingerezi, osanditembenukira. "Ali ndi shuga?"

"Inde."

"Adya liti komaliza?"

"Maola awiri apitawa, ku Timmins. Buledi ndi nyama." Ndinatulutsa kabuku kuti ndimusonyeze.

"Ayi," anatero. "Munthu uyu sanadye. Gwirani mutu."

Ndinagwada n'kugwira mutu wa apongozi anga, kwa nthawi yoyamba chikwatirire mwana wawo. Tsitsi linali lonyowa ndi thukuta. Maso anali otsegula koma sankandizindikira, ndipo ankalankhula zosamveka. Mayiyo anatsitsa sikafu kuti awamwetse juwisi wa malalanje amene anali naye m'galimoto, pang'onopang'ono, akuonetsetsa kuti akumeza. Apa m'pamene ndinaona pakamwa pawo. Milomo inali italowa m'kati. Munalibe dzino ndi limodzi lomwe.

Sindinkadziwa n'komwe kuti apongozi anga amavala mano oikirira.

"Mano awo ali kuti?" mayiyo anafunsa. "Agwera pamsewu?"

Ndinadzuka kukafufuza pomwe njinga inagwera. Mano sindinawapeze. Chimene ndinapeza ndi chikwama cha m'mbali mwa njinga chitatseguka, katundu atamwazika pamiyala. Pakati pa zovala panali timapaketi tisanu, tokulungidwa bwino m'mapepala. Buledi wa ku Temagami. Nkhuku ya ku New Liskeard. Nyama yootcha ya ku Kirkland Lake, idakali m'kabokosi kake. Chakudya cha m'mawa umenewo, ndi buledi wolimba wa ku Timmins, amene mbali imodzi inaoneka kuti munthu anayesa kuinyowetsa mu tiyi n'kulephera. Akhwangwala awiri anali atatera kale chapafupi.

Patapita mphindi khumi ndi zisanu anayamba kutsitsimuka. Atandizindikira, chinthu choyamba chimene anachita chinali kukweza dzanja kuti aphimbe pakamwa, koma dzanjalo linakana. Linali litathyoka pamfundo. Ndinathamangira ku njinga yanga kukatenga maswiti aja. Mayiyo anawayang'ana, n'kuyang'ana ine.

"Amenewa anali ndi inu?"

"Inde."

 Anaitana ambulansi pa wailesi ya m'galimoto, ndipo anati ndi bwino tikakumane nayo panjira. Tinawakweza m'pikapu, njinga ya Che Yusufu tinaikankhira kuseri kwa zitsamba, ine n'kumatsatira pambuyo. Ulendo wonse mpaka ku Sudbury maso anga sanachoke pa galimoto imene inawanyamula.

Kuchipatala anawamanga dzanja n'kuwagoneka kuti aone mmene shuga akuyendera. Ndili pakhonde foni inagwira, ndipo m'pamene ndinamvetsera uthenga wa mawu wa Lachisanu m'mawa, umene ndinaunyalanyaza poganiza kuti ndi wa akuba aja. Unali wochokera ku motelo ya ku North Bay. Wokonza m'zipinda anapeza mano oikirira m'tambula ya madzi kubafa, ndipo ankafunsa ngati tingabwerere kapena awatumize. Pamene foni inkalira ku Temagami, tinali makilomita osakwana 100 kuchokera pomwe panali manowo, ndipo tinakhala ola ndi theka tikungoyang'ana mvula.

Ndinaimbira Tiyamike n'kumuuza zonse, osasiya kanthu. 

"Munandiuza kuti adya," anatero.

"Ndinkaona patebulo palibe kanthu."

"Sindikufunsa za tebulo. Inuyo munawaona akudya?"

"Ayi."

"Ndiye zinatheka bwanji, masiku awiri, inu muli pomwepo?"

Kenako anati anyamuka m'mamawa.

Madzulo namwino anabweretsa phala ndi supu. Mwachizolowezi ndinaimirira kuti ndituluke. Ndinali nditagwira kale chitseko pamene apongozi analankhula, pakamwa posaphimba.

"Akamwini, mukupita kuti?"

"Ndimati mudye momasuka, bambo."

"Khalani pansi. Kutulukatulukako n'kumene kwatigoneka muno." Anayesa kunyamula supuni ndi dzanja lamanzere, phala n'kutayikira pansalu. "Mukuona? Gwirani mbaleyi."

Ndinagwira mbale, iwo akudya. Ndinapepesa chifukwa chowathamangitsa ku North Bay. Anati iwo anazindikira za manowo titayenda theka la ola, koma anaona kuti kuuza mkamwini kuti tibwerere chifukwa cha mano ndi chinthu chosatheka. Anaganiza kuti masiku awiri a tiyi si kanthu kwa munthu amene anapirira njala ya ku mgodi. Mapilisi sanadumphe ndi limodzi lomwe, poopa mwana wawo. Foni anaikana chifukwa Tiyamike akanazindikira pa liwu loyamba.

"Supu wa mayi uja wa ku Kirkland Lake ndinamumva fungo," anatero. "Ndinatsala pang'ono kulira pamene munati nyama."

"Bwanji simunanene, bambo?"

"Nanga inu bwanji simunandiyang'ane?"

Tsiku lotsatira Tiyamike anafika ndi Che Yusufu, amene anabwera ndi ngolo yokokera njinga. Che Yusufu anayang'ana dzanja lomangidwalo n'kupukusa mutu. "Achimwene, ndinati zonse ziwiri zamoyo. Mwakhoza, koma mwakhozera pamzere penipeni." Palibe amene anaseka kupatula apongozi. Tiyamike anakhala pabedi n'kugwira dzanja labwino la bambo ake, ndipo anawauza modekha kuti njinga yamoto asadzakwerenso, kuno kapena ku Dedza. Dokotala anali atanena kale kuti mfundoyo sidzalimbanso mokwanira kukoka buleki molimba. Apongozi anayang'ana pazenera. Sanatsutse.

Tsopano ndibwerere ku funso lija. Anzanga ena amene ndawasimbira nkhaniyi amafulumira kunena kuti vuto ndi mwambo, ndipo kuti za manyazi a apongozi n'zosafunika m'dziko lino. Sindikugwirizana nawo kwathunthu. Mwambowu kwathu suyenda wokha. Mkamwini akatuluka kuti apongozi adye, pamakhala mkazi, mlamu kapena wina wochotsa mbale amene amaona chimene chatsala n'kukanena. M'nyumba mwathu munthu ameneyo anali Tiyamike. Ine ndinanyamula mwambo kupita nawo kunkhalango, wapakatiyo n'kumusiya ku Oshawa, ndipo m'malo mwake ndinaika kabuku. Kabuku kamalemba zimene waganiza, osati zimene zachitika. Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti zizindikiro sizinasowe. Mayi wa supu anaona, mkulu wa galu anaona, onsewo atakhala nawo mphindi zochepa chabe. Ine chizindikiro chilichonse ndinkachipezera chifukwa chomveka bwino, ndipo chifukwa chilichonse chinali chondipulumutsa ku ntchito imodzi yaing'ono, yokweza maso. Apongozi ali ndi gawo lawo, ndipo amavomera okha. Koma malangizo anapatsidwa ine, ndipo amene ananena kuti adya zonse ndine.

Manowo anafika pa positi patapita masiku asanu ndi limodzi. Apongozi anakhala nafe miyezi ina iwiri asanabwerere ku Dedza, komwe njinga yawo yakale anapatsa mphwawo. Tiyamike anandikhululukira, koma ndimaona kuti ndikamuuza kuti mwana wadya amapita kukayang'ana mbale.

Kabuku kaja ndidakali nako, ndipo manambala ake ndawakonza kuti anene zoona. Makilomita amene tinakonza kuyenda anali 1,446. Amene apongozi anayenda ndi 912, ndipo ndiwo omaliza pa moyo wawo wa pa njinga. Zakudya zimene ndinagula titachoka ku North Bay zinali zisanu, zochonga m'kabuku zisanu, zodyedwa palibe. Kuchokera pa chakudya cha madzulo a Lachinayi kufika pa juwisi wa mayi wa pikapu panadutsa maola 44. Maswiti anali makilomita 11 kutali ndi mwini wake. Masiku amene anakhala nafe atatuluka m'chipatala anali 61, ndipo onsewo tinadyera patebulo limodzi, iwo uko ine kuno, ndikuwayang'ana mpaka ameze.